PEZANI MALIRE ENI-ENI MUSANAGULITSE NYUMBA

Alimi anzathu, tikatha kukolola ndipo misika ikatsekulidwa, ndalama zimayamba kuyenda m'midzi. Imeneyi ndiyo nyengo imene nyumba zambiri zimasintha eni ake. Wina afuna kugulitsa nyumba yake ya malata kuti abwerere kwawo. Wina zamuyendera bwino pa fodya, soya kapena mtedza ndipo afuna kugula. Koma nyumba ya mlimi siikhala yokha. Kuseri kwake kuli nkhokwe, khola, chigafa, mitengo ya mango, ndiponso munda umene wagundana ndi munda wa munthu wina.

Wogula akafunsa kuti malowo alekezera pati, kawiri-kawiri wogulitsa amangoloza ndi dzanja, nati, "Mpaka pa chulu paja." Ndalama zimaperekedwa, anthu nagwirana chanza. Mlandu umadzabuka mu Okutobala, pamene mwini watsopano wayamba kupanga mizere ndipo mnansi wabwera kudzamuletsa. Nthawi imeneyo wogulitsa uja ndalama anadya kale, wogula anagula kale mbewu ndi feteleza, ndipo mvula siidikira kuti mlandu uyambe watha.

Tsono langizo lathu ndi ili: malire ayenera kupezedwa, kuyendedwa ndi kulembedwa mtengo wa nyumba usanatchulidwe. Munthu angapereke kwa mnzake chokhacho chimene anansi ake onse avomereza kuti nchake.

MALIRE AMAYENDA

Ambiri timaganiza kuti malire ali pomwe makolo anawasiya. Sichoncho ayi. Malire amene alibe chizindikiro cholimba amayenda pang'ono-pang'ono, nthawi zina popanda wina kuchita dala.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mizere ya chimanga imatalikirana masentimita 75. Tiyerekeze kuti malire anu ndi a mnzanu ndi otalika mamita 100. Ngati chaka chili chonse khasu lake lilowa kwanu ndi mzere umodzi wokha, pakutha pa zaka 10 adzakhala atatenga mizere 10. Malo amenewa ndi masikweya mita 750, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ekala. Mukabzala njere imodzi pa phando, mapando natalikirana masentimita 25, mzere umodzi wotere umakhala ndi mapesi 400. Mizere 10 ndi mapesi 4,000. Nchifukwa chake mzere wotsiriza wa munda si umboni wa malire. Umangoonetsa pamene khasu linalekezera chaka chatha.

Zizindikiro zina zimene timadalira nazonso sizikhalitsa. Mtengo umadulidwa kukhala nkhuni kapena milimo ya chigafa. Chulu chimakumbidwa ndi oumba njerwa. Njira imapatuka anthu akamazemba matope. Mtsinje pokhota umadya gombe lakunja ndi kusiya mchenga ku gombe lam'kati, kotero kuti dimba la wina limakula pamene la mnzake likuchepa. Alimi a ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje anaona mu Malichi 2023, pa namondwe Freddy, minda ikukwiririka ndi mchenga ndi miyala, zizindikiro zake nkusowa. Choopsa koposa nchakuti akulu-akulu amene analipo pogawa malowo amamwalira, ndipo zimene ankadziwa zimapita nawo kumanda.

YAMBANI MWADZIWA MTUNDU WA MALO ANU

Njira yopezera malire imatsata mtundu wa malo amene nyumba yanu yakhalapo.

Choyamba, pali malo a makolo, amene munapatsidwa ndi a mfumu kapena munasiyiridwa ndi akumtundu. Alimi ang'ono-ang'ono ambiri ali pa malo otere. Malo amenewa sagulitsidwa ngati mbuzi pamsika. Njerwa ndi malata zingakhale zanu, koma pa nthakayo pali mawu a banja ndi a mfumu. Kumene anthu amatsata chikamwini, bambo amene anamanga nyumba kwa mkazi wake alibe mphamvu yopereka malowo kwa mlendo popanda mkaziyo ndi mwini mbumba. Malamulo a za malo anasinthidwa mu 2016, nakonzedwanso mu 2022. Choncho musadalire zimene anachita mnzanu zaka 20 zapitazo. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma lanu, mukafunse zimene lamulo likulola pa malo anuwo musanalandire ngakhale tambala imodzi.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo m'dera la gulupu ali yense. Linati wapampando akhale gulupuyo, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo amayi asachepere atatu. Ntchito yolembetsa malo a makolo inayesedwa poyamba m'madera ena a ku Kasungu, Phalombe ndi Rumphi. Ngati kwanu komiti yotere ilipo, kapena munalandira kale chikalata cha malo, yambirani pamenepo.

Chachiwiri, kumadzulo kwa Lilongwe kuli malo amene analembetsedwa pa nthawi ya chitukuko cha ulimi chimene chinayamba mu 1968. Malo ambiri kumeneko analembetsedwa monga a banja lonse, m'dzina la mtsogoleri wa ndunda. Dzina la pa chikalata lingakhale la munthu mmodzi, koma eni ake ndi ambiri. Malire a kunja kwa ndunda ali pa mapu. Malire a pakati pa abale m'kati mwa ndunda adziwa ndi abale okhaokha.

Chachitatu, pali malo a lizi, monga maesiteti ndi mapuloti ena a m'matauni. Malo amenewa ali ndi chikalata ndi mapu ake. Malizi ambiri a ulimi anaperekedwa kwa zaka 21, ndipo ambiri mwa amene anaperekedwa m'zaka za m'ma 1980 nthawi yake inakwana kale. Onani tsiku limene lizi yanu inayamba, ndipo ngati inatha, kaikonzetseni. Lizi ya Boma siisamutsidwira kwa munthu wina popanda chilolezo cha Unduna wa za Malo, ndiponso lendi ya malo iyenera kukhala italipidwa.

MAPU SANENA ZONSE

Ena amati, "Ine ndili ndi mapu, palibe chovuta." Mapu ndi abwino, koma tiyenera kudziwa pamene mphamvu yake ilekezera. Pa mapu a sikelo ya 1:50,000, milimita imodzi ya pa pepala ndi mamita 50 a pa nthaka. Mzere wa pensulo wokha ungathe kuphimba nyumba, nkhokwe ndi khola. Ngakhale pa mapu a 1:2,500, milimita imodzi ndi mamita awiri ndi theka, kutanthauza mizere itatu ya chimanga ndi kapamwamba.

Zimenezi zimakhudza kwambiri maesiteti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 fodya wa bale ndi wa fuluu ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti pokha, ndipo anthu ambiri ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi madera ena anathamangira kutenga malizi. Ambiri mwa malo amenewa anangojambulidwa pa pepala, osayezedwa bwino-bwino pa nthaka. Nchifukwa chake mpaka lero mumapezeka malizi awiri olowana, kapena esiteti imene pa pepala yameza minda ya mudzi.

Lamulo la malo olembetsedwa la 1967 likunena kuti mapu a ku ofesi yolembetsa malo amangoonetsa malire moyerekeza, pokha-pokha ngati m'kaundula mwalembedwa kuti malirewo anakhazikitsidwa. Wotha kuonetsa malo eni-eni a malire otere ndi woyeza malo wa chiphaso, amene ambiri timamutchula kuti saveya. Iye amatenga miyeso yosungidwa ku Dipatimenti ya za Mapu ndi Kuyeza Malo, nafufuza mabikoni a simenti amene anakwiriridwa m'ngodya za malowo. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu. Mukaipeza itagwa, musaidzutse nokha, itanani saveya.

Achinyamata ena amayeza minda ndi foni. Foni ingakuthandizeni kudziwa kukula kwa munda mongoyerekeza, koma imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo. Mamita atatu okha ndi mizere inayi. Foni siingathetse mkangano wa mizere iwiri.

TSIKU LOYENDA M'MALIRE

Pa malo a makolo amene sanayezedwe, malire ali m'mitu ya anthu. Ntchito yanu ndiyo kuwatulutsa m'mitumo ndi kuwaika pa nthaka ndi pa pepala.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mbewu zachoka m'munda, udzu wauma, mizere ya chaka chatha ikuonekabe, ndipo palibe amene wayamba kulima. Musadikire Novembala, pamene ali yense mtima uli m'mwamba ndi mvula.

Yambani mwapita nokha kwa ali yense amene munachita naye malire. Muuzeni mwaulemu kuti mukuganiza zogulitsa nyumba ndipo mufuna kuti iye aone malire anthu achilendo asanabwere. Asamvere kwa ana kapena ku chigayo. Munthu amene wapatsidwa ulemu wotere savuta kugwirizana naye; amene wangodzidzimuka ataona mlendo akukhoma zikhomo amakana ngakhale zoona.

Kenaka pemphani a mfumu kuti apereke tsiku. Pa tsikulo pakhale a mfumu ndi nduna zawo, a komiti ya za malo ngati ilipo, anansi a mbali zonse, mwini mbumba wa banja lanu, akazi anu kapena amuna anu, ana anu akulu-akulu, ndi okalamba amene anaona malowo akugawidwa. Amayi asatsale kunyumba. Nthawi zambiri ndiwo amene alima mizere ya m'mphepeteyo chaka ndi chaka, ndipo ndiwo adziwa pamene panali chitsa chakale. Ngati mwini munda woyandikana nanu ali ku tauni kapena ku South Africa, mutumizireni uthenga kuti asankhe womuimira. Wobwereka munda sangavomereze malire m'malo mwa mwini wake.

Yendani ndi miyendo kuzungulira malo onse, osati kuimirira pakhonde ndi kuloza. Paliponse pamene malire akhota, imani. Onse akavomereza, khomani chikhomo pomwepo anthu akuona. Pamene pali kusiyana maganizo, khomani zikhomo ziwiri, china pamene mukunena inu, china pamene akunena mnzanu, ndipo pitirirani. Mukatsiriza mudzaona kuti malo okanganiranawo ndi ochepa kuposa mmene mumaganizira, ndipo akulu-akulu adzatha kuwaweruza mosavuta.

KUYEZA NDI CHINGWE

Zikhomo zikakhomedwa, yezani. Ngati tepi palibe, konzani chingwe cha mamita 50 ndi kumanga mfundo pa mamita 5 ali onse. Chikhale chouma, ndipo muchikoke mofanana nthawi zonse. Mapazi sayenera kudaliridwa, pakuti phazi la wogulitsa limatalika ndipo la wogula limafupika.

Yezani kuchokera pa chikhomo china kufika pa chinzake, ndi kulemba mtunda uli wonse. Pa munda wa ngodya zinayi, yezaninso mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo. Popanda muyeso wopingasawu, munthu angathe kusendeza ngodya ziwiri, mbali zonse zinayi nkukhalabe ndi miyeso yomweyo.

Ngodya ili yonse muimangirire ku zinthu ziwiri zosasuntha, monga ngodya ya nyumba ya njerwa, thanthwe, mjigo kapena mlatho. Mwachitsanzo, mungalembe kuti chikhomo chakum'mawa chili mamita 32 kuchokera pa ngodya ya nyumba ndi mamita 41 kuchokera pa thanthwe. Chikhomocho chikadzazulidwa, mudzatenga zingwe ziwiri za miyeso imeneyi, ndipo pamene zakumana mpamene panali chikhomo.

Kuti mudziwe kukula kwa munda umene mbali zake sizisiyana kwambiri, chitani motere. Tinene kuti m'litali mbali ina ndi mamita 80, ina 90. Pakati pake ndi 85. M'lifupi mbali ina ndi mamita 50, ina 46. Pakati pake ndi 48. Chulukitsani 85 ndi 48, mupeza masikweya mita 4,080. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndipo hekitala imodzi ndi 10,000, pafupi-fupi maekala awiri ndi theka. Munda umenewu tsono ndi ekala imodzi ndi pang'ono. Alimi ambiri amene amati ali ndi maekala awiri amadabwa chingwe chikayenda. Nkwabwino kudabwa musanagulitse kusiyana ndi kudzatchedwa wakuba pambuyo pake. Alangizi a m'dera lanu angakuthandizeni pa masamu amenewa, koma kumbukirani kuti mlangizi saweruza malire.

ZIZINDIKIRO ZOKHALITSA

Chikhomo cha mtengo chiswe chimadya chaka chimodzi. M'ngodya ikani mwala waukulu wokwirira theka, kapena kachipilala ka simenti. M'mbali mwa malire, mvula ikayamba, bzalani udzu wa vetiva. Udzu umenewu suyanga, mizu yake imalowa pansi kwambiri, umaphukanso moto ukadutsa, ndipo umakhala pomwe mwaubzala. Umatetezanso nthaka kuti isakokoloke. Khonje ndi nkhadze makolo ankagwiritsa ntchito, koma khonje amabereka ana m'mbali ndipo pakapita zaka mpanda umafutukuka. Utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Bulugamu musabzale pa malire peni-peni. Amamwa madzi ambiri ndipo mthunzi wake umaononga mbewu za mnzanu, ndiye kuti mwabzala mlandu wina.

Bzalani pamodzi ndi mnansi wanu. Mpanda umene anthu awiri anabzala limodzi palibe amene amaukana.

LEMBANI PEPALA

Tsiku lomwelo, anthu asanabalalike, lembani zimene mwagwirizana. Pa pepalapo pakhale tsiku, mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu, chithunzi cha malowo choonetsa kum'mawa ndi kumadzulo, miyeso yonse, maina a anansi a mbali ili yonse, ndi maina a mboni. Ali yense asaine kapena adinde chala, ndipo a mfumu aikepo chidindo chawo. Pepala limodzi likhale kwa inu, lina kwa a mfumu, ndipo mnansi ali yense akhale ndi lake.

Musaiwale kulemba tinthu timene timayambitsa ndewu. Mango amene ali pa malire, zipatso zake nza yani? Kodi pali njira yopita ku mjigo, ku dambo kapena kumanda imene imadutsa pa malowo? Kodi chitsime nchanu nokha? Kodi pali manda a banja? Ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu waukulu monga M1, dziwani kuti mamita 30 mbali ili yonse kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu. Malo amenewo si anu, ngakhale mwalimapo zaka zambiri, ndipo simungawawerengere wogula.

MUKALEPHERA KUGWIRIZANA

Mkangano ukakanika pamudzi, musagulitse. Kugulitsa malo a mkangano ndiko kugulitsa mlandu, ndipo mlandu suola. Wogula adzakulondolani kulikonse kumene mwasamukira. Pitani kwa gulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu. Lamulo la 2016 linaikanso mabwalo oweruza milandu ya malo a makolo: loyamba m'dera la mfumu yaikulu, lachiwiri pa boma, ndi lachitatu loona dziko lonse. Pa malo olembetsedwa, kadandauleni ku ofesi yolembetsa malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Eni malizi asazengereze: lamulo limapereka zaka 12 zokha kuti munthu akasume pofuna kubwezeredwa malo ake amene wina walowamo.

Nthawi zina nkwanzeru kusiya mzere umodzi kapena iwiri kuti pepala lisainidwe mwamtendere. Ndalama za maulendo a ku bwalo, ndi chaka chimodzi chosalima, zimaposa chimanga cha mizere iwiri. Koma zimenezi zichitike poyera, pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe.

KWA INU AMENE MULI PA MAESITETI

Lamulo la za ntchito linasinthidwa mu 2021 ndipo linaletsa utenanti. Komabe alipo mabanja amene akukhala ndi kulima pa malo a maesiteti. Inu dziwani kuti nthaka imene pali nyumba yanuyo ili m'dzina la mwini lizi. Simungaigulitse, ndipo mnzanu wochoka pa esiteti sangakugulitseni. Ngati malata, zitseko ndi mawindo munagula ndi ndalama zanu, sungani malisiti ndipo mugwirizane ndi mwini esiteti polemba kuti pochoka mudzatenga.

Ambiri mumasunga ndalama kuti mudzapeze malo anu-anu, ndipo kawiri-kawiri mumawapeza m'midzi yoyandikana ndi esiteti. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Pali maesiteti amene mbali ina yakhala yosalimidwa kwa zaka zambiri, anthu nalowamo. Munthu angakuonetseni nyumba ndi munda zimene zili m'kati mwa mabikoni a esiteti, iye osadziwa kapena akudziwa. Inu ndinu alendo m'deralo, mulibe malume wokuimirani. Funsani a mfumu, funsani mwini esiteti, funsaninso ku ofesi ya za malo. Safunsa anadya phula.

MAWU OTSIRIZA KWA OGULA NDI OGULITSA

Wogula asapereke ndalama asanayende yekha m'malire, asanalankhule ndi anansi onse, ndiponso asanaone pepala la chidindo kapena chikalata cha lizi. Afunse ngati nyumbayo kapena mundawo sizinaperekedwe chikole pa ngongole. Wogulitsa amene akukana kuitana anansi, kapena akufulumizitsa malonda usiku, ali ndi chimene akubisa.

Wogulitsa naye adziwe kuti malo a malire odziwika savuta kupeza wogula, ndipo mtengo wake sutsitsidwa chifukwa cha mantha. Ngati munda umene ukuchoka m'manja mwanu ndi womwe munalembetsa nawo ulimi wanu, kadziwitseni ku ofesi kumene munalembetsa, kuti mahekitala a m'kaundula agwirizane ndi amene mwatsala nawo.

Ngakhale inu amene simukuganiza zogulitsa, chitani ntchito imeneyi chilimwe chino, okalamba a m'mudzi mwanu akadali moyo ndipo inu ndi anansi anu mukadali pa ubale wabwino. Imafuna tsiku limodzi, chingwe, zikhomo ndi pepala. Ana anu adzalima mwamtendere.